Kwaya ya Kuseri kwa Shopu ya Mai Sibongile

Pulani inabadwira m'bala ya Usandifunse, kuseri kwa depoti ya maminibasi pa Ntcheu Boma, Lachitatu masana dzuwa likuswa mtengo. Anthu akhama anali ku ntchito zawo. Akhama pa katundu wa eni anali atatu, atakhala pakona, atazungulira chigubu cha masese ndi mbale ya tchipisi chozizira.

Mkulu wa gululo anali Goliati. Makolo ake pomutcha dzinali anali ndi chiyembekezo chachikulu, koma thupi linakana, moti munthuyo akakhala pampando miyendo inkalendewera m'malere. Iye ankafuna kuti azitchulidwa Jenerale, ndipo anzake ankamutchula choncho tsiku limene wagula mowa ndi iyeyo. Wachiwiri anali Richard, wokonza mafoni pa msika, amene tauni yonse inkamudziwa kuti Bandulo. Wachitatu anali Chrispine, wakabaza wa akatumba ngati mbatatesi za ku Tsangano, koma mutu wobooka ngati sefa. Ameneyu dzina lake linali Chiiwale.

Kunena zoona, Chrispine sanabadwe mbava. Anamusokoneza ndi anyamata a njinga zamoto, amene anamulanda makasitomala mmodzimmodzi mpaka iye ankangotsala pa siteji akupukuta sipoko. Usana ndi usiku ankalota njinga yamoto yofiira. Kwa mkazi wake Enelesi anali atalumbira, dzanja lili pamtima, kuti za Goliati anazisiya kalekale. Lumbirolo nalonso anali ataliiwala.

Nkhani anabwera nayo ndi Bandulo. Mai Sibongile, mwini wa shopu ya zamagetsi yoyang'anana ndi msewu waukulu, anali atasiya foni yawo kwa iye kuti aisinthe galasi, pamodzi ndi pasiwedi yomwe. Galasilo analisintha mofulumira, ndipo nthawi yotsalayo anaithera mu apu ya kalendala yotchedwa Kumbutsa, momwe mayiwo ankalembamo moyo wawo wonse. Anawerengera anzakewo zonse akuseka: tsiku lokayezetsa kuthamanga kwa magazi, tsiku lokalalatira telala, tsiku lokapaka tsitsi utoto wakuda kuti imvi zisaoneke. Ndiyeno Loweruka likubwerali, chinkhoswe cha mwana wa mchimwene wawo ku Champiti. Shopu idzatsekedwa, ndipo wogulitsa ndi mlonda omwe adzapita nawo kukathandiza ntchito.

Chrispine anamva kanthu kakumukanda mumtima, chifukwa Mai Sibongile ankamupatsa maganyu onyamula makatoni, nthawi zina ndi chakumwa chozizira pamwamba. Anameza masese, kanthuko kanatsika.

Goliati anaimirira, ngakhale kuti kutalika kwake sikunasinthe kwenikweni. Anati mbava zopanda sukulu zimaba usiku, nthawi imene kuli alonda, agalu ndi anthu osowa tulo. Iwo adzaba masana. Munthu wosenza katundu masana palibe amene amamufunsa, aliyense amangoti ndi waganyu. Adzalowera khomo la kuseri, adzatenga mapanelo a sola ndi mabatire, adzakulunga mu mphasa, Chiiwale adzapalasa.

"Mafana, iyi ndi dilu ya bhobho," anatero. "Vuto ndi limodzi basi, ndipo lakhala apali likudya tchipisi."

Onse anayang'ana Chrispine. Palibe amene anali ataiwala ulendo wa mbuzi wa ku Sharpevale, kupatula mwini wakeyo. Anzake anabisala m'tchire ndi mbuzi za eni kudikira njinga mpaka mbuzizo zinatopa n'kubwerera kwawo. Chrispine anafika mawa lake ndi chingwe, ndipo mwini mbuzi anamupatsa madzi akumwa.

Bandulo anati mankhwala a matenda amenewa ndi apu yomweyo. Anatenga foni ya Chrispine, anaika Kumbutsa, n'kumubwezera kuti amalize yekha poti masese anali atayamba kumugogoda m'chikhodzodzo, ndipo Banduloyo anathamangira kuseri. Apuyo inali yaulemu. Isanayambe ntchito inafunsa mafunso, m'Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Inafunsa ngati ingaone maina onse a m'foni. Inafunsa ngati ingadziwe pamene mwini foni ali n'kumauzako anzake. Inafunsa ngati ingatumize mauthenga m'dzina lake. Chrispine Chingerezi chake chinathera pa kupereka moni, koma monga munthu wa pamsewu ankadziwa kuti chobiriwira ndiye kuti pita. Anadina batani lobiriwira, anadinanso, anadinabe mpaka mafunso anatha.

Bandulo atabwerera anachenjeza kuti munthu wanzeru salemba mawu oti kuba m'foni. Anagwirizana zolemba kuti Kwaya. Goliati anawonjezera malo, kuseri kwa shopu ya Mai Sibongile, Loweruka masana, ndi mawu oti bwerani ndi zida, kutanthauza chitsulo chothyolera loko ndi matumba. Anafunanso chikumbutso chachiwiri, cha nthawi yothawa, koma zala za Chrispine zinali zazikulu kuposa zilembo, choncho Bandulo anawaonetsa pojambulira mawu. Jenerale analanda foni, anakonza kukhosi ngati muulutsi wa pa wailesi, ndipo analankhula zimene mowa unamusankhira.

Pamapeto apu inafunsa kuti chikumbutso cha kwayacho chipite kwa ndani. Chrispine anaona kuti anzake onse awiri akufunika kuchilandira, ndiye anadina pamene Bandulo anamuuza kuti pakutanthauza onse.

Tsono foni ya wakabaza si foni wamba. Muli manesi a kuchipatala, aphunzitsi, amayi ogulitsa kabichi, akalaliki a ku maofesi, aliyense amene anayamba wanenapo kuti udzanditenge mawa. Munalinso Sajeni Cyprian a kupolisi, Mai Sibongile eni ake, ndi Enelesi.

Madzulo a tsiku lomwelo Chrispine anapeza zachilendo kunyumba. Enelesi, amene masiku amenewo ankamulankhula ndi msana, anamulandira njinga pakhomo, anamuikira madzi osamba otentha, ndipo pa ndiwo panali dzira. Ankangomuyang'ana n'kumamwetulira yekha. M'mawa mwake anatulutsa malaya oyera a tsiku la ukwati wawo, anawachapa, anawayanika pamalo poti aneba awaone. Chrispine anafufuza m'mutu mwake ngati pali tsiku lalikulu limene waliiwala, koma m'mutumo munalibe woyankha.

Ku siteji nako zinthu zinasintha. Makasitomala amene anathawira ku njinga zamoto anayamba kumuimitsa. Nesi wina potsika anamugwira dzanja n'kunena kuti wasankha bwino. Mayi wina wa kabichi anati Loweruka asadandaule, abwera ndi anzake. Chrispine ankangovomera, poti munthu woiwalaiwala amazolowera kuvomera zinthu zimene sakuzidziwa.

Lachisanu ananyamula Sajeni Cyprian, bambo wa mimba yaikulu ndi mawu okhuthala ngati lole yokwera phiri. Ali pakati pa ulendo, Sajeni anamusisita paphewa.

"Mawa ndili nanu, achimwene. Musayambe ndisanafike."

Njinga inapita uku, inapita uko, inatsala pang'ono kulowa m'ngalande. Atangowatsitsa, Chrispine anapalasa mpaka kwa Goliati thukuta lili kamukamu. Jenerale anamvetsera, anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anati mawa kuli mpira ku bwalo, Sajeni amanena za mpira. Anawonjezera kuti mantha ndi matenda a anthu aatali, chifukwa magazi amachedwa kufika kumutu.

Loweruka linafika. Enelesi anasita malaya oyera aja n'kumuveka yekha mwamuna wake, mpaka batani la pakhosi. Chrispine anafuna kunena kuti ntchito ya lero ndi ya fumbi, koma anaona kuti mafunso angachuluke. Foni italira kabelu kake masana, anapalasa kupita kuseri kwa shopu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anafika pa tsiku lake ndi nthawi yake.

Kuseriko kunali bwalo la mpanda wa njerwa, mtengo wa mango pakati, ndi geti lamalata longokankha. Goliati anabwera ndi chitsulo chotalika kuposa iye. Bandulo anabwera wopanda foni, ndipo anadzitama kuti waisiya dala kunyumba chifukwa mafoni ndi akazitape, amaulula pamene munthu ali. Chrispine anavomereza nzeru imeneyi, yake ili m'thumba.

Loko wa Mai Sibongile anali wochokera ku Joni, kumene bambo awo anakalambira m'migodi, ndipo anali ndi khalidwe la kumeneko. Goliati analendewera pa chitsulo miyendo ili m'mwamba, loko ali phee. Bandulo anayesa ndi kawaya, kawayako kanathyokera momwemo. Anakangana, anapuma, anakangananso. Pomaliza Chrispine anatsamira chitseko kuti apukute thukuta, ndipo mahinjesi amene chiswe chinali chitawadyera matabwa anazuka, chitseko chonse chinagwera m'kati, loko ali chitsekere.

M'katimo umbombo unawagwira miyendo. Mapanelo anawasanja pafupi ndi khomo, koma Goliati anapeza magalasi a dzuwa n'kuyamba kuwayesa pa kalilole. Bandulo anadzaza mabatire m'matumba onse a thalauza mpaka ankayenda ngati bakha. Kenako anaona chisipika chachikulu cha matayala, chokhala ndi batire lake ndi maiki yake, ndipo anati chimenechi sachisiya. Koma iye, monga katswiri, saba katundu wakufa, ayenera kuchiyesa kaye. Anatenga foni ya Chrispine, anailumikiza ndi chisipikacho, chinalira kamodzi kusonyeza kuti zagwirana, ndipo anakhutira.

Mbava zinasunga nthawi. Oitanidwa, monga mwa chizolowezi cha kwathu kuno, anachedwa.

Chrispine ndiye anayamba kutuluka, akukoka chisipika, Goliati ali pambuyo ndi maiki m'manja ndi magalasi kumaso. Anaima pakhomo ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Bwalo lonse linali lodzaza. Amayi a bulauzi zoyera anali atakhala pansi pa mango ndi visekese pamiyendo. Mphunzitsi wina anali ndi gitala, mkulu wina anali akuwamba ng'oma pa kamoto ka mapepala, manesi anali atabwera ndi yunifolomu zawo. Anthu anauzidwa kuti abwere ndi zida, ndipo anabwera nazo. Kutsogolo kwenikweni kunali Enelesi, atavala chitenje chatsopano, maso akuwala. Amayi ataona chisipika anaimba nthungululu.

"Bigi, tafa," ananong'ona Chrispine.

"Tseka pakamwa, mwetulira," anayankha Goliati.

Apa tiyenera kumupatsa ulemu wake Jenerale. Anakwera pa kreti, anayatsa maiki, ndipo analandira anthu onse m'dzina la komiti. Anathokoza Mai Sibongile chifukwa chobwereketsa bwalo ndi zida, ndipo anapepesa za chitseko, kuti makiyi anapita nawo ku Champiti mwangozi. Anthu anaomba m'manja. Anagawa magulu, a mawu aang'ono uku, a mawu aakulu uko, ndipo ali m'kati mogawa, geti linatseguka n'kulowa Sajeni Cyprian atavala wamba, buku la nyimbo lili kukhwapa. Anapepesa chifukwa chochedwa, anati iwo ndi a besi, ndipo anakaima phewa ndi phewa ndi Bandulo, amene mabatire anayamba kumulira m'matumba chifukwa cha kunjenjemera.

Nyimbo zimene Goliati ankazidziwa zinali za pamaliro zokha, poti ndi kumene ankapezeka kawirikawiri nthawi ya chakudya. Anayambitsa imodzi, anthu anailandira, ng'oma inalowa, visekese vinayankha. Itatha anayang'ana ku geti, koma amayi anali atayambitsa kale ina. Inatha imeneyo, inabwera ina. Kenako nesi uja ananena kuti mwini kuitana sanamveke mawu, ndipo maiki inaperekedwa kwa Chrispine.

Chrispine anali asanaimbe chichokereni ku Sande sukulu. Anatseka maso kuti asaone Sajeni, anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka mawu amene iye mwini sankadziwa kuti ali nawo, oyera, okwera bwino, ogwira mtima. Atatsegula maso anaona Enelesi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, akumuyang'ana ngati mmene anamuyang'anira tsiku limene anakamufunsira. Pamenepo Chiiwale anaiwala mapanelo, anaiwala chitseko, anaiwala njinga yamoto yofiira. Ankangoimba, ndipo mumtima mwake ankakhulupirira ndithu kuti chimene anadzera ndi kwaya basi.

Ali pakati pa ndime, chisipika chinadula mawu ake n'kuliza kabelu. Kenako munatuluka mawu ena, olemera ndi masese, amphamvu moti anamveka mpaka ku depoti.

"Mafana, uyu ndi Jenerale Goliati. Nthawi yothawa yakwana. Mapanelo pa njinga ya Chiiwale, mabatire m'matumba a Bandulo. Chimayi chija pochoka ku Champiti chidzapeze mashelefu ali mbee. Ndipo Sajeni wa chimimba uja, olo atakwera ndege, ine sangandigwire."

Panamveka kugeya kwakutali, kenako mawu a Chrispine akufunsa ngati tchipisi chatsalako.

Ng'oma inasiya yokha. Bandulo ndiye anayamba kuganiza ndi miyendo. Anathamangira ku mpanda, anadumpha, anagwira pamwamba, koma mabatire anali ndi maganizo ena. Thalauza linatsika mpaka m'mapazi, mwini wake analitsatira pansi, ndipo amayi awiri a kabichi anamukhalira pamsana modekha ngati akhalira thumba la malonda.

Goliati sanagonje. Anakweza dzanja n'kufotokoza kuti zimene amvazo ndi sewero, kwaya zamakono zimayamba ndi sewero la munthu wochimwa amene pamapeto pake amalapa. Analankhula mokoma moti ena anayamba kugwedeza mitu, ndipo mphunzitsi wa gitala anati uthenga wake ndi wamphamvu.

"Ndiye chimayicho ndine, eti?"

Mawuwo anachokera ku geti. Mai Sibongile anali ataima pamenepo, atavala chitenje cha chinkhoswe, fumbi la njinga yamoto lili mpaka m'nsidze. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panali Chrispine n'kumuonetsa foni yawo. Anati uthenga wa kwaya anaulandira Lachitatu, koma anauyesa nthabwala za anyamata. Lero, mphatso zili m'kati moperekedwa, foni inalira, ndipo pa mapu panali kadontho ka dzina la Chrispine kakuyendayenda m'chipinda chawo chosungira katundu. Anasiya mbale ya mpunga osaigwira.

Enelesi anagwada. Anapempha kuti poti palibe chimene chatuluka pa geti, nkhaniyi ithere pomwepo, chitseko mwamuna wake akonza ndi manja ake. Amayi ena anathandizira kupepesa. Mai Sibongile anayang'ana mapanelo, anaona kuti onse alipo, ndipo nkhope yawo inayamba kufewa, pakuti nawonso anali atamva kuimba kuja ali pa geti. Anati chimene akufuna kudziwa ndi chimodzi chokha: anyamatawa anadziwa bwanji kuti lero kulibe munthu?

Goliati anati anangolota. Bandulo, ali pansi pa amayi a kabichi, anati anamva m'minibasi. Koma Chrispine, mtima uli wofewa ndi nyimbo, anaona kuti nthawi yolapa zenizeni ndi imeneyi. Anafotokoza zonse, za galasi, za pasiwedi, za kalendala, ndipo maiki inali ikadali m'manja mwake, yoyaka.

"Tinaona zonse, mayi, ndisakunamizeni. Ngakhale za utoto wobisira imvi zija. Koma sitinauze munthu aliyense."

Maso onse a m'bwalomo anakwera n'kukatera pa mutu wa Mai Sibongile, pa tsitsi lakuda bii limene kwa zaka zambiri amayi a pa Boma ankalisirira n'kumati ndi la mtundu. Wina kumbuyo anatsokomola. Mai Sibongile anakokera duku lawo kutsogolo, ndipo kufewa konse kunachoka.

"Sajeni, gwirani ntchito yanu."

Sajeni Cyprian anatseka buku la nyimbo, anayang'ana mimba yawo, anayang'ana Goliati, ndipo anamutsitsa pa kreti ndi dzanja limodzi. Maunyolo anali atawasiya ku ofesi poti anabwera kudzaimba, choncho amayi anabwereketsa mipango yomangira mbavazo. Enelesi anadzuka, anasasa fumbi m'maondo, n'kuima pamaso pa mwamuna wake. Sanakuwe, sanatukwane.

"Vulani malayawo, bambo a Tisunge. Ndinasitira woimba."

Chrispine anapita ku polisi atavala vesiti yobooka, Goliati ali kumanja, Bandulo ali kumanzere atagwira thalauza ndi zigongono. Kwaya inawaperekeza njira yonse ikuimba, chifukwa mawu anali atayamba kugwirizana ndipo palibe amene ankafuna kusiya.

Foni ya Chrispine inatsekeredwa m'kabati ngati umboni, koma apu inali itasunga zonse kwina kumene kabati safika. Zinapezeka kuti mwa mabatani obiriwira aja, limodzi linkatanthauza kuti chikumbutso chizibwerezedwa sabata iliyonse. Loweruka lotsatira mafoni a theka la Boma analira, ndipo anthu anatenga zida zawo n'kupita. Mai Sibongile, amene tsopano anangozisiya imvi zawo poyera ndipo zinkawakhala bwino, anaona kuti oimba akamaweruka amagula matochi ndi machaja, choncho anawaikira mabenchi pansi pa mango.

Nyengo ya Khirisimasi kwayayo inapita kukasangalatsa akaidi. Pamzere wakutsogolo panakhala amuna atatu ovala zoyera za boma. Enelesi anaimba osayang'ana kumene kunali mwamuna wake, koma pochoka anasiya kwa woyang'anira ndende kaphukusi ka mtedza wokazinga ndi buku la nyimbo. Chrispine analigwira bukulo ndi manja awiri. Goliati sanaone zimenezo. Anali atatembenukira kwa mkaidi wa pambali pake, akumufotokozera kuti besi ikuthamanga kwambiri, ndipo kuti gulu lonseli, ndi mayunifolomu ake omwe, analiyambitsa ndi iyeyo, koma mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene wabwera kudzathokoza.